Galimoto yakale ya ku America ikatentha n'kukana kulira

M'mawa imalira mukangokhudza kiyi. Mumayenda nayo mtunda ndithu, injini ikumveka bwinobwino, kenako mumaima kuti mugule kanthu kapena muthire petulo. Pobwerera patapita mphindi 10 kapena 15, galimoto ija yasanduka ina. Mwina sitata ikupukusa molemera ngati batire latha, mwina ikupukusa mwamphamvu koma injini osagwira. Nthawi zina sidikira n'komwe kuti muime: imayamba kutsamwa muli pamzere wa magalimoto dzuwa likuswa mtengo, kenako zii. Mukaisiya ola limodzi boneti ili yotsegula, imalira ngati palibe chachitika.

Aliyense amene wasungapo Chevrolet, Ford, Plymouth kapena Buick ya m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 amalidziwa vutoli, ndipo dzina limene anthu amathamangira kulipatsa ndi vapor lock, kutanthauza petulo kusanduka nthunzi m'paipi n'kulephera kufika ku injini. Nthawi zina amalondola. Koma pali matenda angapo osiyana amene amaoneka chimodzimodzi kwa munthu amene wakhala pachiwongolero, ndipo onsewo ali ndi khalidwe limodzi lovuta: amatha okha injini ikazizira. N'chifukwa chake galimoto imafika kugalaja mawa lake, makaniko n'kuyesa chilichonse, n'kupeza zonse zili bwino. Akatero amayamba kulota. Lero asintha pampu, sabata yamawa koyilo, mwezi wamawa kabureta, ndalama zikupita, vuto lili pomwepo.

Vutoli limafufuzidwa pamene likuchitika, injini ili yotentha, pamalo pomwe galimoto yakanira. Mphindi zimene mukanakhala mukudikira mokhumudwa m'mbali mwa msewu ndi zimene zili ndi yankho. Choncho muziyenda ndi zinthu zochepa izi: mita yoyezera mavoti, tochi, sikuludiraiva, botolo la madzi ozizira, kansanza, magolovesi ndi chozimitsira moto. Chozimitsira motocho musachitenge mopepuka. Mukhala mukugwira ntchito pafupi ndi petulo wotentha, pamwamba pa chitsulo chotentha.

Yambani ndi khutu

Funso loyamba n'losavuta: kodi sitata ikupukusa injini ndi liwiro limene imapukusira m'mawa? Ngati ikulemera, ikumveka ngati ikukwera phiri, iwalani kaye za petulo. Vuto lili pa magetsi a sitata.

Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo anali a mavoti 6. Chevrolet inasamukira ku mavoti 12 mu 1955, Ford ndi Chrysler mu 1956, pamene Cadillac ndi Oldsmobile zinali zitayamba kale mu 1953. Sitata ya mavoti 6 imafunika kukoka magetsi ochuluka pafupifupi kawiri kuti igwire ntchito yofanana ndi ya mavoti 12, ndiye mawaya ake ayenera kukhala onenepa kwambiri. Apa ndi pamene magalimoto ambiri amavulalira. Pa zaka zonsezi, wina anasintha nthambo za batire n'kuika zogula m'shopu wamba, zopangidwira galimoto zamakono. Zimenezo nthawi zambiri zimakhala za geji 4. Galimoto ya mavoti 6 imafuna geji 1, 0 kapena 00, ndipo pa mawaya nambala ikamachepa ndi pamene waya akunenepa. Musapusitsidwe ndi kunja kwake, chifukwa pali nthambo zimene zimanenepa pulasitiki pomwe mkuwa wa m'kati ndi wochepa.

Nthambo yowonda imakwanitsa m'mawa chifukwa zonse n'zozizira. Mkuwa ukatentha umakaniza magetsi kwambiri, ndipo sitata imene yakhala pafupi ndi ekizozi kwa ola lathunthu imakhala yotentha mpaka m'kati. Onjezerani kuti injini yotentha imakhala yothina pang'ono, ndiye kuperewera kochepa kumene kunali kobisika kumaonekera.

Kuyeza kwake ndi uku. Batire la mavoti 6 lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 6.3, la mavoti 12 limaonetsa 12.6. Koma nambala imeneyi payokha siuza zambiri. Ikani waya mmodzi wa mita pamutu penipeni pa batire, osati pa chogwirira chake, ndipo winayo pa bawuti ya sitata pamene nthambo yathera. Mnzanu apukuse. Mita ikuonetsani mavoti amene akutayika panjira. Pa nthambo imodzi asapitirire 0.2 kapena 0.3. Chitaninso chimodzimodzi kumbali ya ethi, njira imene magetsi amabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto, kuchoka pamutu wina wa batire kufika pathupi la sitata. Mukaona theka la voti likutayika, mwapeza wakuba. Pa galimoto ya mavoti 12 theka la voti limapiririka, koma pa ya mavoti 6 ndi gawo lalikulu la mphamvu yonse, ndipo koyilo, imene imapanga moto wa mapulagi, nayo imadya pambale yomweyo. Sitata ikamakoka movutika, moto wa mapulagi umafooka nthawi yomweyo.

Galimoto zimene zangokonzedwa kumene ndi kupentedwa mokongola ndi zimene zimavutika kwambiri ndi ethi. Penti sadutsa magetsi. Pamene sitata yakhudzana ndi injini, ndi pamene nthambo ya ethi yamangidwa, pazikhala chitsulo chopalidwa mbee. Ndi bwino kuti ethi ya batire ipite molunjika pa injini, pafupi ndi sitata, kenako pakhale ina yochoka pa injini kupita ku chasisi ndi ku bodi.

Nthambo zikakhala bwino koma sitata n'kumalemerabe, imasuleni. Mabushi ake akadyeka, chozungulira cha m'kati chimafufuma ndi kutentha n'kuyamba kukhula m'mbali. Mudzaona zipsera zonyezimira pamene chakhala chikukhudza. Kumvetseraninso kalemeredwe kake: ngati ikupukusa, n'kugwidwa mwadzidzidzi, n'kupitiriza, n'kugwidwanso, mwina taimingi, nthawi imene moto umathetheka pa mapulagi, yatsogola kwambiri ndipo moto ukukankha pisitoni isanafike pamwamba. Chotsani waya wapakati wa koyilo, mumugunditse ku ethi, n'kupukusa. Liwiro likabwerera, ndi taimingi.

Ena amathawira ku batire la mavoti 8, ena amasintha galimoto yonse kukhala ya mavoti 12. Ine batire la mavoti 8 sindilikonda ngakhale pang'ono, chifukwa limabisa vuto uku likupsereza mababu ndi kuvutitsa mageji. Kusinthira ku 12 kuli ndi zifukwa zake zomveka, monga kufuna magetsi owala usiku. Koma galimoto zimenezi zinkalira tsiku ndi tsiku ku Texas ndi ku Arizona ndi mavoti 6 omwewo. Ngati yanu ikukana, china chake chachoka m'malo mwake.

Ikupukusa bwino koma osagwira

Tsopano tsegulani boneti, chotsani chosefera mpweya pamwamba pa kabureta, tsegulani choki ndi chala, muunike m'kati ndi tochi. Injini ikhale yozima, kiyi atachotsedwa, ndipo ndudu ikhale kutali. Kokani kamodzi chitsulo chimene chimayenda mukaponda moto. M'kabureta yabwino mumaona kamtsinje ka petulo kakuthira m'khosi mwake. Zimene muone apa zigawa nkhani pawiri, ndipo mankhwala a mbali ziwirizi ndi otsutsana. Ngati m'khosi ndi mouma, palibe chothira, kabureta ilibe mafuta. Ngati ndi monyowa, mukununkha petulo kwambiri, mwina mukumva kubwata kapena mukuona kautsi koyera kakutuluka, mafuta achuluka.

Tiyambe ndi mouma, pakuti ameneyu ndiye vapor lock weniweni.

Galimoto yamakono ili ndi pampu m'thanki momwe, imene imakankha petulo ndi mphamvu ya 40 psi (muyezo wa kupanikizika) kapena kuposa. Madzi alionse akapanikizidwa amachedwa kuwira. Galimoto yakale imachita zosiyana. Pampu yake ili pa injini, kutsogolo, ndipo imayamwa petulo kuchokera kuthanki imene ili mamita atatu kapena anayi kumbuyo. Kuyamwa kumatsitsa mphamvu ya m'paipi, ndiye petulo amawira msanga. Petulo si chinthu chimodzi, ndi msanganizo, ndipo zina mwa zimene zili m'menemo zimayamba kusanduka nthunzi pa madigiri 40 a Celsius okha kapena kucheperapo. Paipi ikadutsa pafupi ndi ekizozi, kapena pampu ikatentha, petulo amasanduka thovu. Pampu imeneyi inapangidwira zamadzimadzi. Ikadzaza nthunzi imangopuma pachabe, osatumiza kanthu.

Petulo wa masiku ano amawonjezera vutoli chifukwa amapangidwa poganizira galimoto zokhala ndi pampu m'thanki. Wambiri amasakanizidwa ndi ethanol. Ku America E10, kutanthauza magawo 10 pa 100 alionse, ndiye wofala. Ku Britain E10 anakhala petulo wamba mu September 2021. Kwathu kuno si zachilendo, pakuti Malawi anayamba kusakaniza ethanol wochokera ku nzimbe mu 1982, ndipo Zimbabwe nayo imasakaniza. Ethanol payekha amawira pa madigiri 78, koma akasakanizidwa pang'ono ndi petulo amachititsa kuti msanganizowo uzitulutsa nthunzi mosavuta. Amadyanso labala wakale wa m'mapaipi ndi m'pampu. Kukwera kwa malo nakonso kumawerengedwa. Magalimoto ambiri a Chevrolet ndi Ford amene amapezeka kum'mwera kwa Africa anamangidwa ku Port Elizabeth, ku South Africa, kumene Ford ndi General Motors, eni ake a Chevrolet, anatsegula mafakitale m'zaka za m'ma 1920, ndipo kumeneko ndi m'mphepete mwa nyanja. Galimoto yomweyo ikakhala ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene ngakhale madzi amawira pa madigiri 94, petulo wake amawira msanga kuposa kugombe.

Kuti mutsimikize, nyowetsani kansanza ndi madzi ozizira, mukulunge pampu ndi paipi yopita ku kabureta, kapena thirani madzi pang'onopang'ono pathupi la pampu. Samalani asagwere pa disitibyuta, chogawa moto ku mapulagi, kapena pa manifodi yotentha, chitsulo chotulutsa utsi m'mbali mwa injini. Dikirani mphindi ziwiri, pukusani. Ikalira, mwagwira mbava ndi dzanja. Pampu zambiri zakale zili ndi kambale kagalasi, ndipo m'menemo mumatha kuona thovu ndi maso.

Koma musathamangire kunena kuti ndi kutentha kokha. Nthawi zambiri vapor lock amabwera chifukwa pali chimene chikuvutitsa pampu poyamwa, ndipo kutentha kumangomaliza. Musanachite china chilichonse, tsegulani chivindikiro cha thanki. Pa Chevrolet ya 1956 chimabisala kuseri kwa nyali yakumbuyo ya kumanzere, chinthu chimene chimasokonezabe othira mafuta mpaka lero. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, thanki siikupuma. Magalimoto ambiri akale amapumira pa kabowo ka pachivindikiro, ndipo wina akaika chivindikiro chamakono chotseka ndithu, pampu imalimbana ndi thanki yonse. Yendani mtunda womwewo chivindikiro chili chomasula pang'ono muone ngati vuto libwerera.

Kenako tsatirani paipi kuchokera kuthanki mpaka kutsogolo. Funani pamene yaphwanyika ndi jeke kapena mwala, pamene yadyeka ndi dzimbiri, ndi pamene yayandikira ekizozi. Amene anaikitsa ekizozi yatsopano ya mapaipi awiri ayang'anitsitse apa, chifukwa owotcherera saganizira za paipi ya petulo. Timapaipi talabala ta kuthanki ndi ta papampu tikang'ambika pang'ono sitidontha, popeza mbali imeneyi ndi yoyamwa. Timangolowetsa mpweya. Tina timafewa n'kumaphwafuka tikatentha. Sinthani tonse ndi labala wopirira ethanol. M'thanki ya zaka 70 mumakhalanso dzimbiri limene limaunjikana pakamwa pa paipi galimoto ikamayenda, n'kugwa ikaima. Limeneli limanamiza kwambiri, chifukwa nalo limaoneka ngati lachira galimoto ikapuma. Sefa yoonekera m'kati ikuuzani zoona: mukaona fumbi lofiirira, thanki itsike, itsukidwe kapena isinthidwe.

Pampu yeniyeniyo iyezedwe pawiri, mphamvu ndi kuchuluka kwa mafuta. Yabwino imadzaza pafupifupi theka la lita m'mphindi imodzi injini ikulira payokha. A Ford flathead V8, injini ya masilinda 8 yokhala ndi mavavu m'buloko imene inapangidwa kuyambira 1932 mpaka 1953, ali ndi nkhani yawoyawo. Pampu yake imakhala pamwamba, kumbuyo kwa injini, pamalo otentha komanso okwera kuposa thanki, ndipo imakankhidwa ndi kandodo kachitsulo kochokera ku camshaft, shafiti yoyendetsa mavavu. Kandodoka kakadyeka n'kufupika, pampu imayenda theka la ulendo wake. Mutha kugula mapampu atsopano atatu osaona kusintha. Kasololeni mukayeze ndi katsopano.

Zonsezi zikakhala m'malo mwake ndi pamene mungaganize zowonjezera. Kusuntha paipi kuti italikire ekizozi, kuiveka chotchinga kutentha, kapena kuika kachitsulo kotchinga pakati pa pampu ndi manifodi, zonsezi n'zotsika mtengo ndipo zimathandiza. Pampu yamagetsi imathandiza kwambiri ikaikidwa pafupi ndi thanki, m'munsi, kuti izikankha m'malo moyamwa. Ambiri amaiika ndi switchi yakeyake kuti aziyatsa poliza kapena injini ikayamba kutsamwa. Isankheni ya mphamvu yochepa, chifukwa kabureta ngati Stromberg 97 imafuna 2.5 psi basi, ndipo ya Rochester kapena Carter imakhala bwino pa 4 kapena 5. Ndipo chonde, ilumikizidwe mwa njira yoti izime yokha injini ikazima. Pampu imene ikupitiriza kupopa petulo galimoto itachita ngozi ndi chinthu choopsa.

Njira imene ine ndimaiona kuti imathetseratu vutoli ndi sefa ya makamwa atatu, imene kamwa lachitatu laling'ono limabweza petulo pang'ono ndi nthunzi kuthanki kudzera pa paipi ina. Petulo akamazungulira sakhala malo amodzi n'kumatentha. Makampani opanga magalimoto a ku Detroit omwewo anayamba kuchita zimenezi m'zaka za m'ma 1960, makamaka pa galimoto zokhala ndi makina oziziritsa m'kati. Imafuna ntchito, chifukwa muyenera kuyala paipi yachiwiri ndi kupeza polowera m'thanki, koma siioneka kwambiri ndipo siisintha maonekedwe a injini.

Pa zionetsero za magalimoto akale ku America mudzaona mapegi amtengo oyanikira zovala atapanidwa pa paipi ya petulo. Eni ake amalumbira kuti amathandiza. Mtengo sutulutsa kutentha bwino, ndiye sindiona chimene angachite kupatula kutchinga pang'ono paipiyo. Sawononga kanthu, koma asakulepheretseni kukwawira pansi pa galimoto.

Pamene mafuta achuluka

M'khosi mwa kabureta mukakhala monyowa, nkhani ndi ina. Mukazimitsa injini, fani imaima ndipo madzi amasiya kuzungulira, koma chitsulo chimakhala chikadali ndi kutentha konse, ngati mphika wa phala umene umapitiriza kubwata mutauphula pamoto. Kwa mphindi 10 kapena 20 pansi pa boneti pamatentha kuposa pamene mumayenda. Petulo wa m'mbale ya kabureta amawira, kusefukira m'manifodi, n'kumiza injini. N'chifukwa chake galimoto imalira bwino mukaima mphindi imodzi yokha, imaliranso bwino mukaima maola awiri, koma imakana mukaima kotala la ola.

Apa kupopa pedulo ndi kuthira mafuta pamoto weniweni. Pondani mpaka pansi kamodzi, pang'onopang'ono, mugwire pomwepo, n'kupukusa. Mpweya wochuluka umaumitsa injini. Ikagwira itulutsa utsi wakuda pang'ono, bwezani phazi. Musapukuse kopitirira masekondi 15 nthawi imodzi, sitata izipuma.

Chimene chimayambitsa kawirikawiri, ndipo chimene anthu ambiri sachiyang'ana n'komwe, ndi heat riser. Ndi kachitseko ka m'manifodi ya ekizozi, kokhala ndi sipuling'i yozungulira ndi kachitsulo kolemera kunja. Injini ikakhala yozizira kamatumiza utsi wotentha pansi pa kabureta kuti petulo asakanikirane bwino ndi mpweya. Ikatentha, sipuling'i imamasuka, kachitseko n'kutembenuka. Patapita zaka kamagwidwa ndi dzimbiri, ndipo kakagwidwira mbali yotumiza utsi ku kabureta, kabureta imakhala pamoto ulendo wonse. Pa injini za masilinda 6 monga Chevrolet 235 kapena flathead ya Plymouth ndi Dodge, kamakhala pansi penipeni pa kabureta. Pa V8 kamakhala potulukira manifodi ya mbali imodzi. Injini ili yozizira, gwirani kachitsulo kolemerako. Kayenera kuyenda momasuka n'kubwerera kokha. Ngati kauma, thirani mafuta omasulira dzimbiri, gogodani mopepuka m'mbali mwa shafiti yake, mubwereze kwa masiku angapo. Osakakamiza ndi sipanala yaikulu, manifodi yakale imasweka ndipo ina siipezeka msanga. Kumalo otentha, ngati kakanika kukonzeka, kuli bwino kakhale kotsegukira mbali yotulutsa utsi.

Pambuyo pake onani msinkhu wa floti, kachinthu koyandama m'mbale ya kabureta kamene kamatseka mafuta mbaleyo ikadzaza. Ikakwera kwambiri, petulo amasefukira msanga. Ambiri amaitsitsa pang'ono kwambiri kuchoka pa muyezo wa m'buku chifukwa cha petulo wamakono, ndipo zimathandiza, bola osapitirira. Floti ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi m'kati yabooka. Nsonga yotseka mafuta ikadyeka, kapena pampu yatsopano ikamakankha mopitirira muyezo, zotsatira zake n'zomwezo, ndipo mapampu ena ogulitsidwa masiku ano amakankhadi kwambiri kuposa akale. Pomaliza ikani kathabwa kosadutsa kutentha pakati pa kabureta ndi manifodi, kaja ka phenolic. Kochindikala masentimita osakwana awiri n'kokwanira, koma yezani kaye ngati boneti itsekeke. Ngati choki ndi yodzitsegula yokha, onetsetsani kuti injini ikatentha yaimirira chilili. Kapaipi kake kobweretsa kutentha kamatha ndi dzimbiri, choki n'kumakhala yotseka theka.

Moto

Petulo akuthira bwino, m'khosi simonyowa mopitirira, sitata ikuthamanga, koma osagwira. Bwezerani chosefera mpweya, kenako zulani waya wapakati pa kapu ya disitibyuta. Mugwire ndi chinthu chosadutsa magetsi, nsonga yake italikire chitsulo cha injini ndi mamilimita 6, kutali ndi kabureta ndi paipi ya petulo. Mnzanu apukuse. Moto wabwino ndi wabuluu ngati mphezi ndipo umathetheka momveka. Wachikasu, wofooka, wodumphadumpha kapena wosaoneka n'komwe ukuloza ku koyilo kapena kondensa, kachipangizo ka padisitibyuta koteteza mapointi kuti asapse.

Ziwirizi zimafa ndi kutentha mwa njira yonyenga. M'koyilo muli waya wowonda kwambiri wokulungidwa kambirimbiri. Akaduka kapena chotchinga chake chikapsa, nsonga zimakhudzana koyilo ili yozizira n'kutalikirana ikafufuma. Mukaiyeza ndi mita pabenchi imaoneka yabwino. Koyilo imatentha ndithu ikamagwira ntchito, koma ikafika poti simungaikhudze n'komwe, kapena ikamatuluka mafuta, ikayikireni. Kansanza konyowa kaja kamagwiranso ntchito apa: kulungani koyilo yokha, osakhudza pampu, ndipo moto ukabwerera mwadziwa. Pa Ford flathead za 1948 kubwerera m'mbuyo, koyilo zoyambirira zimatchuka ndi khalidwe limeneli, ndipo anthu ambiri akhala akuimba mlandu petulo pamene wolakwa ndi koyilo.

Kondensa ilibe chizindikiro chakunja. Njira yake ndi kuyenda ndi ina imene mukuidziwa kuti ndi yabwino, n'kusintha pomwepo. Kukhala yatsopano si umboni, chifukwa zambiri zopangidwa masiku ano zimafa msanga kuposa zakale. Mukachotsa yakale imene imagwira ntchito, musataye. Mapointi, tizitsulo ta m'disitibyuta totseka ndi kutsegula magetsi a koyilo, akaoneka opsa, abuluu kapena okumbika mbali imodzi, kondensa kapena mphamvu ya magetsi ili ndi mlandu. Mpata wake nawo umatsekeka pang'onopang'ono. Pa Chevrolet V8 ya 265 kapena 283, mapointi atsopano amaikidwa pa 0.019 ya inchi, ndipo dwell, mlingo umene disitibyuta imazungulira mapointi ali otseka, imakhala pafupi ndi madigiri 30.

Pali zolakwika ziwiri za kalumikizidwe zimene zimapezeka kwambiri pa galimoto zimene zadutsa m'manja ambiri. Choyamba ndi mbali ya ethi. Ford ndi Chrysler za mavoti 6 zinkamanga mutu wa + wa batire ku ethi, pamene Chevrolet inkamanga wa −. Waya wochoka pakoyilo kupita ku disitibyuta ayenera kuchoka pa chizindikiro chofanana ndi ethi ya galimotoyo. Mukatembenuza, injini imalirabe koma moto umafooka, ndipo kufookako kumaonekera ikatentha. Chachiwiri chimakhudza za mavoti 12. Zambiri zili ndi ballast resistor, kachidutswa koyera kadothi kokhala pakhoma la kuseri kwa injini, kamene kamatsitsa mphamvu yopita kukoyilo injini ikamayenda. Popukusa pali njira ina yolambalala kuti koyilo ilandire mphamvu yonse. Njira yolambalalayo ikaduka, galimoto imavuta kulira, ndipo nthawi zina imagwira pa mphindi imene mukusiya kiyi. Resistor yeniyeniyo ikapsa zimachitika mosiyana: imagwira mukamapukusa, n'kuzima mukangosiya kiyi. Ndipo wina akaichotsa n'kulumikiza molunjika koyilo imene inapangidwira resistor, koyiloyo imapsa pang'onopang'ono pamodzi ndi mapointi.

Ngati injini yonse ikutentha mopitirira

Zonse zimene tanenazi zimakula injini ikamayenda yotentha kuposa muyezo, ndipo geji ya padashibodi ya zaka zimenezo si yodalirika. Yezani ndi chipangizo china pamutu pa injini kapena pamwamba pa rediyeta. Chivindikiro cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha. Zambiri za nthawi imeneyo ndi za 4 kapena 7 psi, ndipo kuika chamakono cha 15 kungaphulitse rediyeta yakale. Kuchotsa thermostat, kavavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, sikuchiza kanthu. Choyenera kufufuza ndi matope a dzimbiri m'rediyeta ndi m'buloko, lamba wa fani, ndi taimingi yotsalira m'mbuyo, imene imachititsa kuti moto uzithera mu ekizozi. Yamwani kapaipi ka vacuum advance, chipangizo cha padisitibyuta chotsogoza taimingi ndi kuyamwa kwa mpweya, muone ngati mbale ya mapointi ikusuntha. Pa Ford za 1949 mpaka 1953 izi n'zofunika koposa, chifukwa disitibyuta yake, Load-O-Matic, imadalira vacuum yokha ndipo imafuna kabureta yogwirizana nayo. Flathead V8 imatenthanso mwachibadwa, popeza utsi wake umadutsa m'kati mwa buloko, pakati pa madzi, usanatuluke. Ili ndi mapampu awiri amadzi, koma buloko yake ikadzaza matope palibe rediyeta imene ingaipulumutse.

Mukakonza, sinthani chinthu chimodzi, n'kubwereza ulendo womwe uja masana otentha, kuima nthawi yofanana. Mukasintha zinayi tsiku limodzi simudzadziwa chimene chinali cholakwa, ndipo chimodzi mwa zatsopanozo chikhoza kubweretsa vuto lake. Ngati sitata, petulo ndi moto zonse zapezeka bwino injini ili yotentha koma ikukanabe, yezani kompuresheni nthawi yomweyo isanazizire. Pa injini zimene mavavu ake amachunidwa ndi manja, mpata ukachepa, vavu imatalika ndi kutentha n'kusiya kutseka bwino, makamaka ya ekizozi. Izi zimachitika kwambiri pa injini zimene zinapangidwira petulo wa mtovu ndipo zayenda mitunda italiitali ndi wamakono, chifukwa vavu imamira pang'onopang'ono pampando wake n'kudya mpata uja. Chunani mavavu motsatira buku la injini yanu, mulembe miyezo, mudzayezenso pakapita miyezi ingapo. Mpata ukapezeka watsekekanso, mipando ya mavavu ikufunika kuikidwa yolimba.